Mayiko 7 m'masiku 10 pa basi: kodi amayi a zaka 68 angaukwanitse ulendowu?

Funso: Ndine namwino, ndimagwira ntchito ku Leicester. Amayi anga a zaka 68, omwe anapuma pa ntchito ya uphunzitsi ku Zomba, akubwera kudzandiona chaka chamawa. Ndaona makampani akutsatsa ulendo wa pa basi wa masiku 10 wozungulira mayiko 7, kuchokera ku London kukafika ku Rome n'kubwerera. Amayi ndi Mkatolika wolimba ndipo chimene amalakalaka ndi kukaona ku Vatican. Ali ndi BP komanso bondo limawavuta. Kodi ulendowu ndi wowayenera? Nanga viza ya ku UK iwakwanira?

Yankho: Achemwali, mwachita bwino kufunsa ndalama zisanachoke m'manja. Ndakhala ndikuperekeza magulu a anthu pa maulendo oterewa kwa zaka zambiri, ndipo ndinene mosapsatira kuti basi ndi njira yabwino yofikitsira amayi ku Rome. Koma ulendo mwatchulawo, wa mayiko 7 m'masiku 10, sindingaulimbikitse kwa munthu amene bondo limamuvuta komanso mtima wake uli pa malo amodzi. Ndifotokoza chifukwa chake. Ndiyambe kaye ndi viza, poti imeneyo ndiyo imathetsa ulendo usanayambe n'komwe.

Viza ya ku UK siigwira ntchito kutsidya la nyanja. Britain sinalowepo m'gulu la Schengen, ngakhale pa nthawi imene inali mu European Union. Gululi linatenga dzina la kamudzi ka ku Luxembourg komwe mayiko 5 anasainirana mgwirizano mu 1985 woti achotse zipata za m'malire awo, ndipo lero muli mayiko 29. France, Belgium, Germany, Switzerland ndi Italy onse alimo. Wa pasipoti ya Malawi amafunika viza imodzi ya Schengen, ndipo ndi imodzi yomweyo amadutsa mayiko onsewo. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wake kwa munthu wamkulu ndi mayuro 90, osawerengera ndalama imene ofesi yolandira mapepala imalipiritsa. Amafunanso inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, komanso pasipoti yokhala ndi masamba awiri opanda chidindo, yoti idzakhale ikugwirabe ntchito miyezi 3 kupitirira tsiku lotuluka.

Pamene ambiri amapunthwa ndi apa. Lamulo limati munthu apemphe viza m'dziko limene amakhala. Amayi ku Leicester adzakhala mlendo chabe, choncho musadalire zoti "tikakonza akafika". Zonse zithere kumudzi asanakwere ndege. Yambani ndi viza ya ku UK, ndipo muonetsetse kuti ndi yolola kulowa kangapo, chifukwa pochokera ku France adzafunika kulowanso. Kenako ya Schengen, imene imapemphedwa ku dziko limene munthu akagoneko masiku ambiri, osati limene akayambe kupondako. Pa ulendo wanuwu mwina likhala Italy, ndipo kazembe wa Italy woyang'anira Malawi amakhala ku Lusaka, ndiye funsani msanga kumene mapepala amaperekedwa. Pempho limaloledwa kuyambira miyezi 6 ulendo usanachitike. Kampani ya basi ikupatseni kalata yosonyeza mahotela onse ndi masiku ake, ndipo muifunse, ikuyankheni molemba, kuti viza ikakanidwa ndalama zingati zimabwezedwa. Inuyo ngati mukadali pa pasipoti ya Malawi mufunikanso viza yomweyi, koma inu mungathe kupempha muli ku UK poti mumakhala komweko.

Ndimalimbikira pa nkhaniyi chifukwa cha zimene ndinaona m'mawa wina ku Dover. Apolisi a m'malire a France amagwirira ntchito ku Dover komweko, basi isanalowe m'sitima ya pamadzi. Tonse tinatsika n'kufola pa mzere, kunja kukuomba kamphepo kozizira. Patsogolo panga panali bambo wina wachikulire atavala jekete yosita bwino, ali ndi mwana wawo wamkazi amene anawalipirira ulendowo ngati mphatso. Wapolisi anatsegula masamba a pasipoti mpaka kumapeto, n'kuyambiranso, kenako anapukusa mutu. Munalibe viza ya Schengen. Dalaivala anatsegula pansi pa basi n'kuyamba kutulutsa masutikesi a anthu ena kuti apeze awo awiri amene anali mkati kwenikweni. Pamene basi imanyamuka, bambo aja anali ataima pambali pa katundu wawo, akusisita phewa la mwana wawo amene ankalira. Safunsa anadya phula, koma mwanayo sanali wosasamala ayi, anangoganiza kuti Ulaya ndi dziko limodzi.

Dziwaninso kuti kuyambira mu Okutobala 2025 mayiko a Schengen anayamba kujambula nkhope ndi zidindo za zala pa malire m'malo momenya chidindo m'pasipoti. Muwauziretu amayi kuti asadzadabwe.

Tsopano ulendo weniweniwo. Mukatenga kabuku kotsatsa malonda, musawerenge mbendera za mayiko. Werengani kuti mukagona kuti, ndipo kangati. Kuchoka ku London kukafika ku Rome pa msewu ndi makilomita oposa 1,800, ndipo basi iyenera kubwereranso. Pa masiku 10 aja, loyamba limathera pa msewu wa ku Dover ndi pa sitima, yomwe imatenga pafupifupi mphindi 90 kufika ku Calais, ndipo lomaliza limathera pa kubwerera. Otsalawo ndi 8. Mukagawa mtunda wonsewo pa masiku amenewa mupeza kuti masiku ambiri basi imayenda mtunda woposa wa Blantyre kupita ku Lilongwe, ena kuwirikiza kawiri. Pa mayiko 7 aja ena mumangodutsamo, kutsika pa malo omwetsera mafuta, kumwa tiyi, basi dziko latha. Vatican nayonso amaiwerenga ngati dziko pa mndandandawo, ndipo n'zoona ndi dziko, koma la mahekitala 44 okha mkati mwa mzinda wa Rome.

Tsiku la pa ulendo wotere limayenda chonchi. Foni ya m'chipinda imalira cha m'ma 6 koloko. Sutikesi iyenera kukhala panja pa chitseko musanapite kukadya, ndiye kuti munalongedza usiku muli wotopa. Chakudya cha m'mawa ndi buledi, tchizi, khofi kapena tiyi, mwina ndi dzira. Isanakwane 8 koloko basi yanyamuka. Wotsogolera ulendo amawerenga mitu kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo, kenako amatenga maikolofoni n'kuyamba kufotokoza za dziko mukudutsalo, theka la anthu likuodzera. Makampani ambiri amasinthasintha mipando tsiku lililonse kuti aliyense adzakhaleko kutsogolo. Madzulo mumafika pa hotela ina, nthawi zambiri kunja kwa mzinda m'mphepete mwa msewu waukulu, mumalandira kiyi, mumasula sutikesi ija, ndipo mawa n'chimodzimodzi. Chimene chimafooketsa achikulire kwambiri si kukhala m'basi ayi, koma kumasula ndi kumanga katundu usiku uliwonse, osagona pa bedi limodzi kawiri.

Pali chimodzi chokulimbitsani mtima. Amene anakwerapo basi ya ku Joni amaganiza za kuyenda usana ndi usiku dalaivala maso ali gwa. Ku Ulaya lamulo sililola zimenezo. Dalaivala saloledwa kuyendetsa kupitirira maola 9 pa tsiku, kupatula kawiri pa sabata pamene angafike maola 10, ndipo akayendetsa maola anayi ndi theka ayenera kupuma mphindi 45. M'basi muli kamakina kolemba zonsezi ndipo apolisi amakayendera. N'chifukwa chake wotsogolera akati tikumane 2 koloko, amatanthauza 2 koloko yeniyeni. Munthu mmodzi akachedwa mphindi 20, zimadya maola a dalaivala, ndipo gulu lonse likhoza kuphonya malo ena. Basi zambiri zimaima pakatha maola awiri aliwonse. Zimbudzi za m'misewu ikuluikulu, makamaka ku Germany, n'zolipira, pafupifupi yuro imodzi, choncho amayi azikhala ndi makobidi m'thumba. Chimbudzi cha m'basi chilipo koma chili pansi pa masitepe opapatiza, ndipo kwa wa bondo lovuta si chodalirika basi ikuyenda.

Sindikunena kuti za m'njirazo n'zosakoma. Ku Cologne tchalitchi chachikulu chili pafupi ndi siteshoni ya sitima, nsanja zake ndi zotalika mamita 157, ndipo anayamba kuchimanga mu 1248 n'kudzachimaliza mu 1880. Mkatolika akalowamo safuna kutuluka. Ulendo wa pa boti pa mtsinje wa Rhine, kudutsa pa thanthwe la Loreley, ndi wabwino kwambiri kwa amayi chifukwa munthu amangokhala pansi, minda ya mpesa ndi nyumba zakale za mafumu zikudutsa zokha m'maso. Ku Lucerne kuli mlatho wamatabwa wofolera wotchedwa Kapellbrücke, umene unapsa mu 1993 n'kumangidwanso, ndipo nyanja yake yazunguliridwa ndi mapiri. Koma pa ulendo wothamanga, ku Cologne mupatsidwa mwina ola limodzi, lomwelo mudyeremonso nkhomaliro ndi kufunafuna chimbudzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndaona anthu akubwerera kwawo ndi zithunzi zodzaza foni koma osatha kusiyanitsa kuti ichi ndi cha ku Brussels kapena ku Heidelberg.

Ku Switzerland mudzauzidwa za kukwera phiri la Titlis pa kangolo ka pa chingwe. Kamakufikitsani pa mamita opitirira pang'ono 3,000, pomwe pali chipale chofewa chaka chonse. Kumeneko n'kutalika kofanana ndi Sapitwa pa Mulanje, yemwe ndi mamita 3,002, koma inu mumafikako pasanathe ola limodzi thupi lisanazolowere mpweya wochepa. Kwa munthu wa BP ili ndi funso lokafunsa dokotala wawo asananyamuke. Inu monga namwino mukudziwa bwino kuposa ine.

Mukadutsa msewu wa pansi pa phiri la Gotthard, wotalika pafupifupi makilomita 17, mumatulukira mbali yolankhula Chitaliyana, ndipo apa m'pamene bondo la amayi liyambe kuyesedwa. Ku Venice basi siilowa. Imaima pa Tronchetto, mumakwera boti, ndipo kuchokera pamenepo ndi wapansi. Mzindawu uli ndi milatho yoposa 400 ndipo yambiri ndi ya masitepe, kukwera n'kutsika, kukwera n'kutsika. Kuyambira mu 2024 mzindawu unaletsa magulu opitirira anthu 25 komanso zimkuzamawu, ndiye basi yodzaza imagawidwa pawiri ndipo aliyense amavala kachipangizo komvera m'khutu. Wotsogolera amayenda patsogolo atakweza ambulera kuti mumuone, ndipo wotsalira amamva mawu ake akuzilala m'khutu, chizindikiro chakuti wasiyidwa patali. Ngati amayi atatopa, njira yabwino ndi kuwapezera pokhala pafupi ndi bwalo la San Marco n'kugwirizana ndi wotsogolera pokumana. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Tifike ku Rome, komwe kuli mtima wa amayi. Maulendo ambiri a masiku 10 amagona ku Rome kawiri, ena kamodzi kokha. Kugona kawiri kumatanthauza tsiku limodzi lathunthu, chifukwa mumafika madzulo kuchokera ku Venice, mtunda woposa makilomita 500, ndipo tsiku lachitatu mumanyamuka m'mamawa. M'tsiku limodzilo amapanikizamo nyumba zosungira zakale za ku Vatican, Sistine Chapel, tchalitchi cha Petulo Woyera, Colosseum ndi kasupe wa Trevi. Basi zazikulu siziloledwa kulowa pakati pa mzinda, choncho zimakutsitsani patali ndipo mumayenda pa misewu ya timiyala takuda tosalingana. Kuti mufike ku Sistine Chapel, kumene Michelangelo anajambula denga kuyambira mu 1508 mpaka 1512, mumadutsa m'makonde ataliatali mothithikana ndi anthu, ndipo mukafika simukhalitsa. Gulu likalowa m'tchalitchi cha Petulo Woyera limapatsidwa mphindi zowerengeka, zokwanira kujambula zithunzi koma zosakwanira kugwada.

Mayi amene wakhala akupemphera korona moyo wake wonse sakupita kumeneko kukajambula. Akufuna achite Misa, alape ngati akufuna, akhale chete. Anthu a msinkhu wa amayi anu amakumbukira Meyi 1989, pamene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anabwera ku Malawi, ndipo mwina iwo anali m'khamu lomwelo. Manda ake ali m'tchalitchi chomwecho, mukangolowa kudzanja lamanja, pa guwa la Sebastiano Woyera, moyandikana ndi chosema cha Pietà. Patsogolo pake pali mabenchi opemphererapo. Ndinaperekezapo mayi wina wachikulire amene anafika pamenepo n'kukhala pansi, manja ali pachifuwa, milomo ikugwedera, misozi ikutsika osaipukuta. Ine ndinali n'tayang'ana wotchi, basi ikutidikira ku Gianicolo, malo oimikapo mabasi pafupi ndi Vatican, ndipo ndinayenera kuwagwira paphewa kuti tizipita. Zimandipwetekabe mpaka lero.

Choncho yang'anani kuti basi idzafika ku Rome tsiku lanji la sabata. Papa akakhalapo amakumana ndi anthu Lachitatu m'mawa, ndipo matikiti ake ndi aulere koma amapemphedwa pasadakhale. Mu Julaye misonkhano imeneyi nthawi zambiri imaimitsidwa. Lamulungu 12 koloko masana amatsogolera pemphero la Angelus ali pa zenera, ndipo pamenepo sipafunika tikiti. Nyumba zosungira zakale zimatsekedwa Lamulungu, kupatula Lamulungu lomaliza la mwezi pomwe kumakhala chinamtindi cha anthu. Kulowa m'tchalitchi cha Petulo Woyera ndi kwaulere, koma mzere wa chitetezo umatalika dzuwa likakwera, ndiye wofika m'mamawa amapeza bata. Mapewa ndi mawondo ziyenera kukhala zofunda, ndipo chitenje chopinda m'chikwama chimathandiza pamenepa. M'nyumba zosungira zakale amabwereketsa njinga za olumala kwaulere. Muwanyengerere amayi aivomere ngakhale amatha kuyenda, kuti mphamvu zawo azisungire kutchalitchi. Za kukwera pa denga lozungulira la tchalitchi cha Petulo Woyera aiwale, chifukwa ngakhale mutakwera chikepe pamatsalabe masitepe 320.

Chimene ine ndingachite akanakhala mayi anga ndi ichi. Ndingasankhe ulendo wa pa basi wopita mbali imodzi, wothera ku Rome, wa mayiko atatu kapena anayi, wogona kawiri m'malo ambiri. Ukatha, ndingawonjezere masiku atatu ku Rome tili awiri, pa hotela kapena nyumba ya alendo ya masisitere yoyandikira Vatican, kenako n'kubwerera ku UK pa ndege, ulendo wosakwana maola atatu. Mwa njira imeneyi mumapeza zabwino za basi, zomwe ndi zenizeni: palibe kunyamula masutikesi m'masiteshoni, palibe kusochera, palibe kulimbana ndi zinenero zinayi, pali munthu wodziwa kumene kuli chipatala. Ndipo mumapewa masiku atatu obwerera pa msewu amayi atatheratu.

Pa ndalama, mtengo wa pa kabuku si womaliza. Zambiri zimene zili pa zithunzi, monga boti la pa Rhine, Titlis, bwato la gondola la ku Venice ndi chakudya chamadzulo cha ku Rome, zimakhala zolipira padera, ndipo zikaphatikizidwa zimakweza mtengo kwambiri. Pemphani mndandanda wake ndi mitengo musanalipire. Nkhomaliro nthawi zambiri ndi yanu, mahotela a m'mizinda yambiri amalipiritsa msonkho wa alendo pa usiku uliwonse, ndipo pomaliza pamakhala envulopu yothokozera dalaivala ndi wotsogolera. Switzerland ili ndi ndalama yakeyake, ma franc, ndipo zinthu n'zodula kumeneko. Onetsetsaninso kuti kampaniyo ili pansi pa chitetezo ngati cha ABTA, bungwe la makampani a maulendo ku UK loteteza ndalama za apaulendo kampani ikagwa. Mzinda mukukhalawo ndi kumene ntchito imeneyi inabadwira: mu 1841 Thomas Cook anatenga anthu pafupifupi 500 pa sitima kuchoka ku Leicester kupita ku Loughborough, ndipo chiboliboli chake chaima panja pa siteshoni yanu. Komabe kampani ya dzina lake inagwa mu Sepitembala 2019 anthu ali m'maulendo, ndiye dzina lalikulu palokha si chitetezo.

Inshuwalansi ya amayi itchule BP ndi bondo, chifukwa matenda osaululidwa amakanidwa nthawi yolipira. Mankhwala azikhala m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi kalata ya dokotala, osati m'sutikesi ya pansi pa basi imene simuiona mpaka usiku. Basi ikaima azitsika n'kuyendako ngakhale sakufuna, ndipo asamadzimane madzi poopa chimbudzi, khalidwe limene ndaliona kwa achikulire ambiri ndipo limawatupitsa miyendo. Nsapato zikhale zimene anazizolowera kale. Pasipoti ndi ndalama azivalira mkati mwa zovala, chifukwa opisa m'matumba ku Rome ndi ku Paris amadziwa magulu a pa basi. M'thumba mwawo muikemo kapepala ka dzina la hotela ya tsikulo ndi nambala yanu. Nambala ya ngozi m'mayiko onsewa ndi 112.

Nyengo yabwino ndi Meyi, kumayambiriro kwa Juni kapena Sepitembala. Mu Julaye ndi Ogasiti Rome amatentha ngati kuchigwa cha Shire mu Okutobala, ndipo mizere imakhala padzuwa. M'miyezi imeneyi nthawi ya ku Italy, France ndi Germany imafanana ndendende ndi ya ku Malawi, choncho ola lomwera mankhwala silisintha ndipo oimbira foni ku Zomba sasokonezeka. Nsima adzaisowa ndithu. Koma mukafika ku Venice muwafunsire polenta, chakudya cha ufa wa chimanga chimene anthu a kumpoto kwa Italy amadyera nsomba kapena chiwindi. Ndaonapo nkhope za anthu akwathu zikuwala mbale imeneyi itafika pa tebulo.

Musanalipire kalikonse, aimbireni amayi muwafunse kuti pa zonse za ku Ulaya n'chiyani chimene sangalole kubwerera osachiona. Akatchula Vatican yokha, tengani kalendala, pezani Lachitatu la mu Meyi kapena Sepitembala, ndipo muyambire pamenepo kuwerenga masiku chobwerera m'mbuyo mpaka tsiku lopereka mapepala a viza.